Chipewa Choluka ndi Masipoko

Amayi atamwalira, patangopita miyezi yochepa chimwalirireni abambo, achibale anatigawana ana awirife monga anagawanira mipando ndi mbale. Ine ndinapita kwa agogo, amayi awo a amayi, kumudzi wina kufupi ndi Mitundu. Mng'ono wanga, yemwe pa nthawiyo anali asanasiye kuyamwa chala, anatengedwa ndi azakhali, mlongo wawo wa abambo, omwe anakwatiwa ku Nathenje ndi bambo wina wa golosale. Tsiku logawana katundulo agogo ndi azakhali anaponyerana mawu kuseri kwa nyumba. Sindinawamve onse. Kuchokera tsiku limenelo sanayenderanenso, ndipo agogo sankamutchula dzina mng'ono wanga. Ankangoti uja wa ku Nathenje, ngati akunena munthu amene anakhala naye mpando umodzi m'minibasi.

Ku Nathenje si kutali. Anthu a njinga ankapita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Koma mwana sayenda yekha njira imene akuluakulu aitseka. Ndinafunsapo kamodzi ngati tingapite kukamuona. Agogo anali pakhonde akusankha fodya wa eni, monga ankachitira chaka chilichonse, ndipo anandifunsa ngati mbuzi ndazimanga. Sindinafunsenso. Ndinali mwana wosayankhulayankhula, ndipo anthu ankandiyamikira chifukwa cha zimenezo. Zaka zinapita. Nkhope ya mng'ono wanga inayamba kundithawa, ndinangotsala ndi kulemera kwake kumsana ndi fungo la m'mutu mwake akachoka padzuwa.

Nditafika Sitandade 7 kunabwera aphunzitsi atsopano a Chingerezi. Anali bambo wachinyamata, woonda, wovala tayi ngakhale m'mwezi wa Okutobala, ndipo pokwera njinga ankapana mwendo wa buluku ndi chopanira zovala. Ankakonda miyambi ya Chingerezi kuposa china chilichonse, ndipo chinthu chilichonse anali nacho ndi mwambi wake. Wochedwa ankamuimitsa pakhomo n'kumuuza za mbalame yolawirira imene imadya nyongolotsi. Wina akataya phala la kusukulu n'kuyamba kulira, ankamuuza za mkaka wotayika umene suyenera kuliridwa, ngakhale ambiri a ife mkaka tinkangouona m'mapaketi pa golosale. Panali wina wonena za mwala wogubuduka umene sumera ndere, ndi wina wa ophika ambiri owononga msuzi. Ankalemba mwambi pamwamba pa bolodi Lolemba, ife n'kumaubwereza pamodzi mpaka Lachisanu. Tinkaidziwa miyambiyo monga tinkadziwira nyimbo za ku Congo za pa wailesi: mawu onse ali pakamwa, tanthauzo lili pang'ono chabe. Anyamata anaitengera ku bwalo la mpira. Wapagolo akagoletsedwa, anzake ankamuzungulira n'kumuuza za mkaka uja, iye n'kuwatukwana m'Chichewa.

Teremu yachitatu itayamba, kunja kukuzizira, aphunzitsi anatiuza kuti kudzakhala mpikisano woyankhula Chingerezi pakati pa masukulu angapo, ndipo sukulu iliyonse idzatumiza ana atatu. Aliyense adzaima kutsogolo, anene za hobe yake, amalize ndi mwambi. Mpikisanowo udzachitikira ku Nathenje. Ndinali ndikujambula maluwa kuseri kwa kope pamene ananena zimenezi. Ndinasiya kujambula.

Palibe amene ankadziwa kuti hobe n'chiyani, choncho phunziro lonse la tsiku limenelo linathera pa mawu amodziwo. Aphunzitsi anati hobe ndi chinthu chimene munthu amachita pa nthawi yopuma, chifukwa chongochikonda, osatumidwa komanso osalipidwa. Mnyamata wina wa kumbuyo anaimika mkono n'kunena kuti ndiye yake ndi kugona. Aphunzitsi anati kugona si hobe. Mtsikana wina anati iye amakonda kupita ku mjigo chifukwa ndi kumene amamva nkhani zonse za m'mudzi. Aphunzitsi anati kutunga madzi ndi ntchito, ndipo miseche si hobe. Wina anatchula kukumba mbewa, kalasi yonse n'kuvomereza, chifukwa inali nyengo yake ndipo palibe amene ankachita kumukakamiza mwana kukakumba mbewa. Aphunzitsi anaseka, anavomera kuti nawonso ankakumba ali mwana, koma anati oweruza a ku Nathenje sangalandire mbewa. Bawo anati ndi ya madala.

Pomaliza anatsegula buku lawo n'kuyamba kugawa mahobe mzere ndi mzere, monga ankagawira malo osesa. Hobe iliyonse inkabwera ndi mwambi wake. Kusambira kunagwera mnyamata amene madzi akuya amene ankawadziwa anali a m'chitsime cha kudimba. Kusonkhanitsa masitampa kunagwera mtsikana amene kwawo kunali kusanafikepo kalata. Mpira unagwera ambiri, chifukwa anyamata anayamba kung'ung'udza. Kulima ndiwo zamasamba kunagwera mnyamata wina wamkulu amene ankathirira dimba la bambo ake m'mawa uliwonse asanabwere kusukulu.

"Sala, ndiye kuti m'mawa muja ndinali pa hobe?" anafunsa.

"Ngati umathirira mokondwa, inde."

"Ndiye si hobe, sala."

Ine ndinapatsidwa kuluka. Mwambi wake unali wonena kuti kusoka kamodzi pa nthawi yake kumamupulumutsa munthu ku kusoka kambiri pambuyo pake. Ndinaona kuti mwambiwo ndi wa kusoka, osati wa kuluka. Aphunzitsi anawonjezera kuti oweruza amafuna kuona ndi maso, choncho amene akufuna kupita abweretse chinthu chosonyeza hobe yake.

Anzanga atatuluka ndinatsala m'kalasi n'kuwauza kuti ine ndikufuna kupita. Anandiyang'ana ngati desiki yayankhula. Anati Chingerezi changa cholemba ndi chabwino, koma mawu anga ndi a udzudzu, ndipo oweruza amakhala patali. Ndikabweretsa choluka, ndipo mawu anga akamveka, adzaona. Sanandifunse chifukwa chake, ndipo sindinawauze.

Agogo ndinawauza madzulo ake tikutong'ola chimanga. Ndinanena zonse motsatana: mpikisano, hobe, ulusi, Nathenje. Manja awo sanaime.

"Nathenje yake iti?"

Ndinati Nathenje ndi imodzi. Anatong'ola chisononkho china chonse, kenako anafunsa kuti hobeyo n'chiyani. Ndinabwereza zimene aphunzitsi ananena, za chinthu chochita osatumidwa komanso osalipidwa. Agogo anati zimenezo iwo akhala akuchita kuyambira ali mtsikana, sankadziwa kuti zili ndi dzina.

M'mawa mwake, linali Loweruka, anakoka sutikesi ya pansi pa bedi n'kutulutsa juzi yobiriwira. Ndinaidziwa. Amayi ankaivala m'miyezi yozizira popita kumunda, manja ake atawapinda mpaka m'zigongono. Ndinkayesa kuti inapita ndi zovala zina pa tsiku logawana. Agogo anaikutumula, anandionetsa timabowo pamapewa n'kunena kuti njenjete zayamba kuidya, ndipo bola idyedwe ndi sukulu. Anadula ndi lezala m'munsi, anapeza nsonga n'kuyamba kukoka. Ine ndinatambasula manja kuti azikulunga ulusiwo. Juzi inayamba kutha kuchokera m'chiuno kupita m'khosi, ikulira pang'onopang'ono ngati chiwala chikudya tsamba. Ulusi unatuluka wopotanapotana, choncho anauviika m'madzi ofunda n'kuupachika pa chingwe, m'munsi atamangirira mwala kuti uwongoke.

Singano zolukira tinalibe. Agogo anandituma kwa bambo wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa msewu, amene ankakhalira kuwongola mateyala a anthu a makala ochokera ku Dzalanyama. Masipoko othyoka ndi opindika anali mbwee pansi. Anandisankhira awiri owongoka, anadula mitu yake, ine n'kukawanola pa mwala wa kuseri kwa nyumba mpaka nsonga zinasiya kukanda.

Agogo ankadziwa kalukidwe kamodzi kokha, kamene anaphunzira ku gulu la amayi a kutchalitchi asanabadwe amayi anga. Anandifunsa kuti tiluke chiyani. Ndinati chipewa. Anafunsa kuti cha ndani. Ndinati cha kusukulu. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anadzuka n'kupita pa mulu wa maungu pafupi ndi nkhokwe. Anatenga limodzi, analibweza. Anatenga lina laling'ono, analitembenuza m'manja, analigwira ndi zikhato zonse ziwiri monga munthu amagwirira mutu wa mwana pomusambitsa.

"Mutu wake ndi ngati uwu," anatero.

Sananene kuti wa ndani. Ndinaliyang'ana dzungulo, ndinaligwira nanenso, ndipo ndinavomera kuti ndi momwemo. Anazunguliza ulusi padzungupo n'kuyamba mzere woyamba, kenako anandipatsa masipoko.

Ndinkaluka ndikaweruka kusukulu, ntchito zikatha, dzuwa lisanalowe. Poyamba ndinkamanga kwambiri mpaka sipoko inkakana kulowa, ndipo zala zinkada ndi dzimbiri. Ndikalakwitsa agogo ankalanda, n'kumasula mizere ingapo osandifunsa, n'kundibwezera. Ankanditcha mkazi mnzanga akafuna kundiseka. Ankati mkazi mnzanga, manja akowa ndi a kukumba mbatata. Ndikuluka ndinkabwereza mawu amene aphunzitsi anandilembera: kuti hobe yanga ndi kuluka, kuti ndimaluka pa nthawi yopuma, kuti kuluka kumapumitsa maganizo, kuti ndimalukira abale anga majuzi ndi masokosi. Tsiku lina agogo anafunsa kuti chimene ndimamalizira nachocho chimatanthauza chiyani. Ndinawauza kuti chikunena kuti chovala chikang'ambika pang'ono uzisoka msanga chisanakule.

"Basi?"

Ndinati basi.

"Zimenezo mpaka Chingerezi?"

Za mawu anga aphunzitsi anazithetsa mwa njira yawo. Pa nthawi yopuma ankandiimika pa golo limodzi la bwalo la mpira, iwo n'kukaima pa golo linalo atagwira khutu. Ndinkanena za hobe yanga, iwo n'kumapukusa mutu. Ndinkayambiranso. Ana ankasonkhana m'mbali n'kumandiyankha mwambi ndisanaufike. Sabata yoyamba ndinkapita kunyumba pakhosi pakuwawa. Kenako ndinapeza kuti ndikayang'ana pamwamba pa mitengo ya bulugamu, osati pa anthu, mawu amatuluka okha, ngati poitana mbuzi. Tsiku limene anandimva kuchokera pa golo linalo anabwera akuthamanga pang'ono, tayi ikuuluka, n'kundiuza mwambi wa kubwerezabwereza kumene kumabala ukatswiri.

Tsiku losankha aliyense anabwera ndi chake. Wa kusambira analibe choti abweretse, choncho aphunzitsi anamuuza kuti asonyeze ndi manja, ndipo anasambira mu mpweya kutsogolo kwa bolodi mpaka kalasi inagwa ndi phwete. Wa masitampa anabweretsa makadi akutha a mayunitsi amene anatola pa msika, atawamanga bwino ndi mphira. Aphunzitsi anawayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti maganizo ake ndi abwino. Wa dimba anabweretsa kabichi wamkulu ngati ndowa. Ine ndinaika chipewa changa pa tebulo. Tinali titaluka chigamba chachitali, tasoka m'mbali, takwinya pamwamba. Mbali ina chinali chothina kuposa inayo, koma chinali chipewa. Anasankha wa kabichi, mmodzi wa a mpira, ndi ine.

M'mawa wa ulendo agogo anandipatsa kathumba ka mtedza wosasenda. Anati ndikapereke kwa eni nyumba imene amakhala uja wa ku Nathenje, chifukwa munthu salowa pakhomo pa eni chimanjamanja, koma ndisakanene kuti atumiza ndi iwo. Ndinafunsa kuti ndikati wachokera kuti.

"Ukati wamera panjira."

Tinakwera lole imene masiku ena inkanyamula mabelo a fodya, pamodzi ndi ana a masukulu ena a m'dera lathu. Tinadzera msewu wafumbi. Aphunzitsi anakhala kutsogolo, ife kumbuyo titafunda zitenje kumutu, wa dimba atakumbatira kabichi wake. Chipewa ndinachiika mkati mwa diresi kuti chisachite fumbi.

Mpikisano unachitikira m'holo ya sukulu ina kuseri kwa msika. Oweruza anali atatu, pa tebulo lofunditsidwa nsalu yoyera. Ana anayankhula mmodzimmodzi. Ndinazindikira msanga kuti aphunzitsi onse a m'derali ali ndi buku limodzi. Ambiri hobe yawo inali kuwerenga mabuku, kumvera nyimbo ndi kuonera mpira. Osambira analipo angapo. Mbalame yolawirira ija inadya nyongolotsi kambirimbiri m'mawa umenewo, mpaka woweruza mmodzi anayamba kuimalizira yekha chapansipansi. Mtsikana wina wa sukulu yolipira anayankhula ngati wa pa wailesi, ndipo tonse tinadziwa kuti wapambana asanamalize.

Nthawi yanga itakwana ndinayang'ana pa mitanda ya denga n'kunena zonse ndi mawu a pa bwalo la mpira. Holoyo inali yaing'ono. Woweruza wina anabwerera m'mbuyo pampando wake. Ndinakweza chipewa m'mwamba monga ndinaphunzitsidwira, ndinamaliza ndi mwambi. Kenako woweruza wamayi anandifunsa funso m'Chingerezi chothamanga. Sindinamve ngakhale liwu limodzi. Ndinadikira pang'ono, ndinabwereza mwambi uja. Anthu anaseka, ena anawomba m'manja, ndipo ndinakakhala pansi. Sukulu yathu sinapambane. Kabichi anatsala ndi oweruza.

Titatuluka aphunzitsi anatisonkhanitsa pamthunzi n'kutiuza za mzinda waukulu umene sunamangidwe tsiku limodzi. Anati lole inyamuka ana onse akatha kudya. Ndinapempha kuti andilole ndifike pa msewu. Anafunsa kuti kukatani. Ndinati kuli mng'ono wanga, sindinamuone chimwalirireni amayi. Anatsegula pakamwa monga ankachitira akamafuna mwambi, anakonza tayi, kenako anangonena m'Chichewa kuti ndipite, ndikamva hutala ya lole ndithamange.

Pa msewu waukulu panali phokoso la maminibasi ndi anyamata oitanira. Sindinkadziwa golosale yake. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa mbatata, ndinafotokoza kuti ndikufuna kwa mayi wochokera ku Mitundu amene akulera mwana wa malemu achimwene awo. Anafunsa mnzake, mnzakeyo analoza ndi mlomo golosale yopaka utoto wa buluu, pafupi ndi sitolo ya nsalu ya bambo wina wachisilamu.

Azakhali anali kuseri kwa kauntala, khanda lili kumsana, akuyeza shuga. Ndinaima pakhomo mpaka wogula anachoka. Anandifunsa kuti ndikufuna chiyani, kenako anasiya chimene anagwira n'kundiyang'ana pachipumi.

"Nkhope ya achimwene iyi," anatero. "Wabwera ndi ndani?"

Ndinati ndabwera ndi sukulu. Anaitana mwamuna wawo kuti akhale pa kauntala, ananditengera kuseri kumene kunali nyumba, anandiyalira mkeka. Anandipatsa moni monga amapatsira mlendo wamkulu, anafunsa za kumudzi, za mvula, za sukulu. Za agogo anafunsa pomalizira, ndipo anafunsa za miyendo yawo yokha, ngati ikutupabe. Ndinati nthawi zina. Ndinapereka mtedza. Sanafunse kumene wachokera. Anaswa umodzi, analawa, anati ndi wa chaka chino. Kenako anaitana dzina la mng'ono wanga chakumpanda.

Kunabwera mtsikana wamtali, wa miyendo yaitali, tsitsi lomangidwa mizere, atavala nsapato za pulasitiki. Ndinayang'ana kumbuyo kwake kuti ndione ngati kukubwera wina. Anagwada chapatali, anandipatsa dzanja atagwira chigongono, anandifunsa kuti muli bwanji. Ndinati ndili bwino, kaya inu. Azakhali anamuuza kuti awa ndi achemwali ako aja a ku Mitundu. Iye anati eya, amayi, n'kukhala kumapeto kwa mkeka, maso ali pa zala za kumapazi. Ndinaona kuti amayi amene akuwanenawo ndi azakhali.

Ndinatulutsa chipewa. Ndinati ndakulukira. Anayang'ana kwa azakhali, azakhali anagwedeza mutu, iye anasendera pafupi n'kuweramitsa mutu. Ndinachikoka mbali iyi ndi iyo. Chinangokhala pamwamba pa tsitsi ngati chivundikiro cha mphika wina. Ndinayesanso, chinadumpha n'kugwera pa mkeka.

Azakhali anaseka, osati moipa. Anati kodi kumeneko mumayesa akadali khanda. Anatola chipewacho, anatembenuza khanda la kumsana n'kuliveka, ndipo chinalowa mpaka m'makutu. Anati taonani mwini wake wapezeka. Akukonza m'mphepete mwake, zala zawo zinaima. Anapotokola ulusiwo, anauyang'ana padzuwa.

"Juzi iyi tinakasankha limodzi ndi amayi ako pa kaunjika," anatero. "Anali ndi mimba ya mng'ono wakoyu."

Anavula khandalo chipewa n'kumupatsa mng'ono wanga. Anamuuza kuti akachisunge, n'chake. Iye anachigwira pamiyendo, analowetsa chibakera mkati mwake n'kumachizunguliza.

Kenako azakhali anafunsa kuti kusukuluko tinabwera kudzatani. Ndinafotokoza za mpikisano. Anati ndiye tanena timve, ifenso tidziwe kuti mwana wa achimwene amayankhula Chingerezi. Ndinakana, anakakamira. Ndinaimirira pabwalopo, pakati pa chingwe cha zovala ndi migolo ya madzi, ndinayang'ana pamwamba pa mpanda n'kuyamba. Njira ina yonenera mawu amenewo sindinkaidziwa, choncho anatuluka monga ankatulukira pa golo. Nkhuku zinathawa. Khanda linadzidzimuka. Mwamuna wa azakhali anasuzumira pakhomo la golosale. Ndinanena kuti hobe yanga ndi kuluka, kuti kumapumitsa maganizo, kuti ndimalukira abale anga majuzi ndi masokosi. Ndisanafike pa mwambi mng'ono wanga anali atagwira pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, mapewa akugwedezeka. Nditamaliza anaseka poyera, mpaka anagonera pa mkeka. Mawu ambiri amene ndinayankhula pamaso pake tsiku limenelo anali amenewo, a m'Chingerezi, olembedwa ndi munthu wina.

Atatha kuseka anandifunsa yekha, osayang'ana kwa azakhali, ngati ndinalukadi ndekha. Ndinati agogo anayamba mzere woyamba. Anafunsa kuti ndinalukira chiyani, ndinati masipoko a njinga, iye anati bodza. Ndinamuonetsa zala.

Hutala inalira chakumsika. Azakhali anandimangira sopo ndi kapaketi ka tiyi m'pepala, osanena kuti n'za ndani. Anati ndikanene kuti mtedza wafika. Anaganiza pang'ono, kenako anati holide ikubwerayi mwana akhoza kubwera masiku angapo, ngati kumeneko kuli malo ogona. Anauza mng'ono wanga kuti andiperekeze.

Tinayenda m'mbali mwa msewu, iye kutsogolo chifukwa ankadziwa njira yachidule yodutsa pakati pa mabenchi a tomato. Chipewa anali nachobe kudzanja. Titatsala pang'ono kufika anachepetsa liwiro kuti tifanane.

"Achemwali, kodi amayi aja anali aatali?"

Ndinati anali aatali kuposa azakhali, ndipo polowa m'nyumba ya agogo ankawerama. Anafunsa ngati anali akuda kapena oyera. Ndinati ngati iyeyo. Anayang'ana mkono wake. Lole inalizanso hutala, anzanga akundikodola ali pamwamba, ndipo ndinathamanga. Nditakwera ndinamuona ataima pomwepo, kenako anatembenuka n'kulowa pakati pa mabenchi.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, mutu uli mbuu ndi fumbi. Agogo anali pakhonde akupeta. Ndinawapatsa kapepala ka sopo ndi tiyi, anakatsegula, anakatsekanso n'kukaika pambali. Sanafunse za mpikisano. Ndinanena uthenga wonse monga ndinapatsidwira, wa mtedza ndi wa holide. Anapitiriza kupeta.

"Chamukwana?"

Ndinati ayi, chachepa kwambiri, wakula. Anafunsa kuti wafika pati. Ndinaimirira n'kuika dzanja paphewa langa, kenako ndinalikweza pang'ono mpaka pachibwano. Agogo anasiya lichero. Anayang'ana dzanja langalo nthawi yaitali, kuyambira pamenepo kutsika mpaka pansi.

"Ndiye kuti akumudyetsa," anatero.

Anatola lichero, anapeta kawiri katatu, kenako anandiuza kuti mawa ndikaweruka ndidzere kwa bambo woluka mphasa, ndikafunse ngati ali ndi yaitali.